Kadontho Kophethira

Foni inalira ndisanavule nsapato.
"Lusungu, seva yakana kudzuka,
mawa alimi a khofi atsika kuchokera ku Phoka
kudzatenga ndalama zawo."
Ndinakwera kabaza pa Chiputula,
mvula yamawawa ikundilowa m'khosi
mpaka ku Katoto.

A Mwakasungula, mlonda wathu, ananditsegulira,
mbaula ikufuka pakhonde.
"Magetsi anathima cha m'ma faifi,
kabokosi kosunga moto kaja kanangolira kamodzi, basi zii."
Kabokosiko ndikukadziwa.
Kalata yanga yopempha mabatire ake
ili m'thireyi ya bwana kuyambira Febuluwale,
yayamba kupindika m'makona.

Ndinadina batani.
Mafani anapuma wefuwefu,
nyali yobiriwira, ina yachikasu,
kenaka sikirini yakuda bii
ndi kadontho koyera pakona,
kuphethira, kuphethira,
osanena kanthu.

Maso otere ndinawaonapo.
Bambo anga, chaka chatha, m'wodi ya amuna,
anandiyang'ana chonchi masiku atatu.
Lachinayi lake anafunsa
ngati basi ya ku Ekwendeni yadutsa kale,
poti achedwa kukaphunzitsa
kusukulu imene anapumako ine ndili folomu thu.

Koma sindinabwerere zolira.
Ndinazula mawaya onse, kuwerenga mpaka makumi atatu,
kutsegula chivundikiro.
Fumbi la chilimwe chatha, kangaude wouma.
Timapale ta memole ndinatizula kamodzikamodzi,
kupukuta mano ake ndi labala ya pensulo,
kubwezeretsa mpaka kumva kuti khe.
Khutu pa madisiki awiri, mapasa aja:
mmodzi akuzungulira bwinobwino,
mnzake akugogoda pang'onopang'ono
ngati wobwera usiku wosafuna kudzutsa ana.
Ameneyo ndinamuchotsa.

Kadontho kaja, chiphethirire.

Ndinalowa kuseri, kumene makina amasunga
tsiku, ola, ndi khomo lotulukira akadzuka.
Ndinapeza akuti lero ndi Januwale 1, 2009.
Khomolo aliiwala.
Kabatire kokumbukira nthawi,
kakang'ono ngati khobidi, kanafa kalekale,
sitinadziwe poti moto sunkachoka.

Leveni koloko usiku, mashopu onse atseka.
A Mwakasungula anakatembenuza m'manja mwawo.
"Ngati aka kali m'kasikelo koyezera zitsanzo za khofi."
Tinakasegula ndi nsonga ya mpeni wawo.

Ndinawauza makinawo tsiku lenileni.
Ndinalowetsa fulashi yanga ya chingwe chofiira,
kudzutsira pamenepo,
kuyamba kusesa m'mene ngozi inadutsa.
Anandifunsa: ndikonze?
Eya.
Ndikonze?
Eya.
Chala chinachita dzanzi ndi kuzizira,
ndinasiya kuwerenga nditapitirira zana.
A Mwakasungula anabweretsa tiyi m'chivindikiro cha fulasiki
nafunsa ngati dzina la mlamu wawo likadalimo.
Ndinati sindikudziwa.
Zinali zoona.

Ena mwa mafayilo anatuluka amasiye,
opanda mayina, manambala okhaokha,
ataunjikidwa pamodzi ngati katundu wotayika kudepoti.
Ndinawatsegula mmodzimmodzi.
Wachisanu ndi chiwiri anali ndalama za Lachisanu masana:
NyaKayira, makilo makumi anayi ndi awiri;
a Chiumia, ngongole ya feteleza, yatha.

Fowolo koloko isanakwane
mizere yoyera inayamba kuthamanga,
sikirini inawala,
inandifunsa dzina langa ndi mawu achinsinsi
ngati kuti palibe chachitika.
Mlamu uja alimo. Ndinawaonetsa ndi chala.

Ndinakopera zonse kawiri.
Kalata ija ndinaitulutsa m'thireyi,
kuiwongola, kuiika pampando wa bwana
pamodzi ndi kasikelo kopanda batire.

Kunyumba ndinafika nkhungu isanachoke pa Lunyangwa.
Bambo anali maso kale, bulangete m'mapewa,
nsapato zakusukulu atazipukuta.
Ndinakhala pambali pawo, manja akununkha fumbi,
ndinawauza tsiku, mwezi ndi chaka,
monga ndimachitira m'mawa uliwonse,
ndipo ndinadikira.